Uthenga wa Ababa kwa Apongozi Awo

Ndikukumbukira chaka chomwe agogo anga aNambewe anabwera kudzationa ku Lifidzi atasenza mchere wawo, machesi awo ndi sopo wawo, ngati akupita kudziko losakhala anthu. Kwawo kunali kuseri kwa phiri la Dedza. Munthu akalawirira pa njinga, amafika kwathu dzuwa lisanalowe. Chinenero chake n'chimodzimodzi, mphepo yake ndi yomweyo, ngakhale mbatatesi zake n'zofanana. Koma kwa agogo, kungodutsa pa malire a Kalomwe kunali kupita kunja, ndipo mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, amene ndi amayi anga, anali munthu wokhala m'dziko la eni.

Amayi ndi ababa anadziwana nthawi ya nkhondo. Ababa anathawira ku Malawi ali mnyamata, napatsidwa malo omangapo kanyumba m'mudzi mwa agogo. Kumeneko anakwatira amayi, ndipo ine ndinabadwira komweko. Nkhondo itatha, anthu atayamba kubwerera, ababa anapempha chitengwa kuti apite ndi mkazi wawo ndi ana kukatsegulanso minda ya makolo awo. Agogo anavomera, koma anavomera pakamwa pokha. Mumtima mwawo ankangoti mkamwini wawabera mbumba.

Anabwera mwezi wa chisanu, chimanga chitalowa kale m'nkhokwe, chifukwa amayi anali oyembekezera ndipo masiku anali atakwana. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndikuwaonabe akutsika pa njinga miyendo itauma, akusasa fumbi pa chitenje, maso ali pa denga la nyumba yathu. Asanalonjere aliyense anati, "Ndiye kuno ndi kumene mumakhala?" Analawa madzi a pachitsime chathu nati ndi olemera. Anagwira ufa wathu nati chigayo cha kuno chimangotafuna, sichigaya. Ngakhale tambala wathu anamupeza cholakwa, akuti ankalira mochedwa poyerekeza ndi a kwawo.

Tsopano mumvetse vuto lomwe linafika limodzi ndi agogowo. Pa mwambo umene onse awiri anakulira, mkamwini ndi apongozi ake aakazi saonana maso ndi maso, sadyera pamodzi, ndipo salankhulana mwachindunji. Ku Malawi zimenezi zinali zosavuta, chifukwa mudzi unali waukulu ndipo njira zinali zambiri. Koma kwathu ku Lifidzi tinali ndi nyumba imodzi, khitchini, nkhokwe, khola la mbuzi ndi kanyumba kosungiramo mbatatesi, basi. Agogo atangolowa m'nyumba yaikulu, ababa ananyamula mphasa yawo nasamukira kwa mbatatesi. Mwini khomo anasanduka mlendo pakhomo pake.

Anapangana njira popanda kukambirana. Ababa akamakhota pangodya iliyonse ankayamba akhosomola. Agogo akamatuluka ankayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Tsiku lina onse awiri anaiwala, ndipo anatsala pang'ono kugundana pa kanjira kopita kuchitsime. Ababa, bambo wamtali wa ndevu zake, anadumphira m'tchire ngati gwape, ndipo anatulukamo thalauza lonse litamatidwa ndi chisoso. Ndinakhala madzulo onse ndikuwathothola, iwo akundiopseza kuti ndikangoseka ndiona.

Patapita masiku atatu amayi anabereka mchimwene wanga, nalowa m'chikuta. Ababa sakanalowa m'nyumbamo mpaka mchombo wa mwana utagwa. Agogo sankachoka pambali pa amayi. Mng'ono wanga anali ndi zaka zitatu, wosati n'kumutuma. Choncho munthu yekhayo amene akanatha kuyenda pakati pa nyumba yaikulu ndi kanyumba ka mbatatesi anali ine. Anali mapazi makumi atatu okha, ndinawawerenga. Koma pa mapazi makumi atatu amenewo dziko lonse la pakhomo pathu linali m'manja mwanga.

Ndinene zoona, ndinayamba ndi mabodza abwino. Agogo ankandiitana n'kunena kuti, "Roza, kawauze abambo ako kuti denga ili ndi lichero, munthu ukuona thambo uli m'nyumba." Dzina langa ndine Rozinya, koma agogo ankati mbali yotsalayo ndi ya Apwitikizi, iwo safuna. Ndinkayenda mapazi anga aja, mtima ukukana kunyamula mawu olasa chonchija, ndipo ndikafika ndinkagwada n'kunena kuti, "Ababa, agogo akuti nyumba munamanga bwino, mumalowa kamphepo." Ababa ankawala nkhope tsiku lonse. Iwonso akadandaula kuti nkhuni zikutha ngati m'nyumbamo akuwotcha njerwa, ine ndinkakanena kuti ababa akuti musaope kusonkha moto, nkhuni zilipo zambiri. Pasanathe masiku awiri, anthu amene sankamvana chiyambire anayamba kutumizirana moni wautali.

Nditaona kuti ntchito ikuyenda, ndinayamba kudzilipira ndekha. Agogo mwadzidzidzi anayamba kulamula kuti mthenga apatsidwe mbatatesi ziwiri zootcha. Ababa nawonso anayamba kupempha kuti mwanayu amupatseko shuga pang'ono wa ku Malawi uja. Palibe amene akanafunsa mnzake. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, koma kandimverere wa kwathu ankanena za m'maluwa mkamwa muli tsekee.

Kenako panabwera uthenga waukulu. Unali m'mawa, utsi utadzaza m'nyumba, khanda likununkhira mafuta a nsatsi. Agogo ankauza amayi kuti akamabwerera atenga ine. Anati akukalamba, akutunga madzi okha, ndipo mwana wa mwana wawo wamkazi ndi mbumba yawo, sangakulire kwa eni mpaka kuiwala kwawo. Amayi anangoyang'ana khanda n'kuyankha motsitsa kuti, "Amayi, nkhani imeneyo ine sindingaidule. Funsani bambo ake." Ndikuganiza kuti ankadalira kuti ababa akana, iwo n'kupulumuka osayambana ndi amayi awo.

Ine mtima unadumpha ndi chimwemwe. Musandiweruze msanga. Ku Malawi ndinali nditayamba sukulu m'chinenero chathu, ndipo ndinali mwana wokweza mkono aphunzitsi asanamalize funso. Titafika kuno ndinapeza kuti ku sikola zonse ndi Chipwitikizi. Aporofesoli, ndiye kuti aphunzitsi, akalankhula ndinkangoona milomo ikuyenda. Ndikayankha m'Chinyanja ndinkagwaditsidwa pa timiyala panja, anzanga akundiitana kuti Mmalawi. Mwana wanzeru uja anasanduka mbuli ya kumbuyo kwa kalasi, ndipo zimenezi sindinauze munthu. Ndiye agogo atanena za kunditenga, ndinaona ngati munthu wanditsegulira chitseko cha khola.

Ndinawapeza ababa atakhala pa kampando akusankha mbatatesi za mbewu, zazing'ono uku, zodulidwa ndi khasu uko. Uthenga umenewu ndinaunena wonse, osachotsapo kanthu. Manja awo anaima. Anagwira mbatatesi imodzi, akuipukuta dothi ndi chala ngakhale inali itayera kale.

"Kawauze apongozi kuti ndamva, ndipo ndikuwalemekeza," anatero. "Atenge mbuzi yaikazi ija ya mawanga. Atenge matumba awiri a mbatatesi. Koma mwana yekhayo ayi. Iwe ukhala kuno. Wamva bwino?"

"Ndamva, ababa."

Mapazi makumi atatu aja sanatalikepo ngati tsiku limenelo. Ndinaima pakati, pafupi ndi nkhokwe, ndikukanda mwendo ndi chala cha phazi lina. Ndinaganiza za timiyala ta ku sikola. Kenako ndinalowa m'nyumba, n'kugwada mwaulemu wonse.

"Ababa akuti amva, ndipo avomera. Akuti mutengenso mbuzi ya mawanga ndi matumba awiri a mbatatesi."

Agogo anawomba m'manja. Anati chikhalire sanadziwe kuti mkamwini wawo ndi munthu waulemu chotere, wopereka mwana pamodzi ndi kamba wa panjira. Amayi anatembenukira kukhoma, ndipo ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Zinandibaya, koma ndinadziuza kuti azimayi a m'chikuta amalira wamba. Ndinabwerera kwa ababa n'kuwauza kuti agogo amvetsa, mwana amusiya, koma mbuzi ndi mbatatesi atenga. Ababa anapuma ngati munthu wotula mtolo. Tsiku lomwelo anasankha mbatatesi zikuluzikulu zokhazokha, nasoka matumba aja akuimba mluzu.

Masiku anayi otsatirawo pakhomo pathu panali mtendere wodabwitsa. Agogo ankatumiza zikomo, ababa ankatumiza zikomo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinkanyamula mawu osafunika kuwakonza. Amayi okha ndiwo anasintha. Mchombo utagwa, mwana atamutulutsa panja, ababa anabwera kudzamunyamula akumwetulira mpaka m'makutu, koma amayi anawapatsa khandalo osawayang'ana. Ababa anandifunsa pambuyo pake ngati amayi akumva kupweteka penapake. Ndinati inde, m'mutu.

Panatsala kukonza za tsiku lonyamuka. Ababa ndinawauza kuti ndikawaperekeza agogo mpaka pa Kalomwe n'kubwerera ndi amuna a njinga odzawatenga. Nzeru zanga zinathera pomwepo. Ndinkaganiza kuti ndikangodutsa malire, nkhani yatha, ababa adzazolowera monga anazolowerera kugona ndi mbatatesi.

M'mawa wa tsikulo udzu unali utayera ndi chisanu, ndipo mpweya unkatuluka mkamwa ngati utsi. Amuna awiri a njinga anafika. Pa njinga imodzi anamanga matumba aja, mbuzi itagonekedwa pamwamba m'dengu ikulira ngati ikudziwa. Ina inali ya agogo ndi ine. Ababa, monga mwa mwambo, anaima kuseri kwa nkhokwe, kumene akanatha kuona alendo akunyamuka popanda kuonana ndi apongozi. Zonse zinali bwino mpaka amayi anatuluka m'nyumba maso ali psuu, atanyamula bulangete langa, diresi langa la kutchalitchi ndi kambale kanga, n'kuyamba kuzimanga m'chitenje.

Munthu woperekeza mlendo satenga bulangete. Ndinamva ababa akukhosomola, koma sikunali kukhosomola kwa pangodya kuja. Anafuna kulankhula, koma alankhule ndi yani? Amayi anali ataima phewa ndi phewa ndi agogo. Mthenga anali atakwera kale pa njinga. Ndiye bambo anga, munthu amene sindinamumvepo akukweza mawu, anatembenuka kupereka msana kubwalo, nayamba kulankhula ndi mbuzi.

"Iwe mbuzi!" anatero mokweza. "Ndinapereka iwe kuti mwana wanga atsale. Nanga bulangete lake likupita kuti?"

Amuna a njinga anayang'anana. Agogo anaphimba nkhope ndi chitenje msangamsanga, nawonso napereka msana, n'kuweramira khanda lomwe linali kumsana kwa amayi.

"Iwe khanda, tandifunsira kwa abambo ako. Kodi amuna a dziko lino amalankhula pawiri? Si iwo anati mwana nditenge, mbuzi ikhale yoperekezera?"

"Mbuzi iwe, uwauze apongozi kuti mawu amenewo sanatuluke mkamwa mwanga."

"Khanda iwe, uwauze kuti ine makutu anga ndi abwinobwino. Ndinamva ndekha kwa Roza."

Apa ngakhale mbuzi inasiya kulira. Amayi anandiyang'ana, ndipo ndinaona nkhope yawo ikumasuka pang'onopang'ono, mkwiyo wa masiku anayi ukuchoka pa ababa n'kubwera pa ine.

"Rozinya, tsika," anatero. "Ima apa. Nena mawu a abambo ako monga anakuuzira."

Ndinanena. Anandiuza kuti ndibwereze mokweza, ndipo ndinabwereza. Kenako anandifunsa zomwe ndinakanena kwa ababa, ndipo ndinaululanso. Posakhalitsa zonse zinatuluka, za denga, za nkhuni, za shuga. Agogo atamva kuti mawu awo a lichero anafika ngati chiyamikiro, anafwenthera m'chitenje muja, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anali kuseka kapena kupsa mtima. Mmodzi mwa amuna a njinga anachita kukhala pansi.

Ndinkayembekezera kuti ababa athyola kamtengo. Koma iwo anali chiimire kuseri kwa nkhokwe, ndipo atalankhulanso mawu awo anali atatsika. Anatchulabe mbuzi, koma aliyense anadziwa amene akumuuza.

"Nkhondo inanditengera amayi. Achimwene anga awiri sindidziwa kumene anagona. Nditabwerera kuno ndinapeza mitengo itamera m'nyumba ya bambo anga. Abale amene ndatsala nawo ndi ana awa. Ndatopa kuwerenga anthu ochoka, sindifuna kuyambiranso ndi uyu."

Ndinali ndisanamvepo ababa akutchula achimwene awo. Manyazi amene ndinali nawo anasanduka chinthu china cholemera kwambiri, ndipo ndinalira kulira kwenikweni. Agogo anayankha akuyang'anabe khanda.

"Nanenso mwana wamkazi ndinali naye mmodzi. Anandichokera n'kubwera kuno. Kwathu kukada, ndimatseka chitseko ndekha."

Anthu awiri amene sanalankhulanepo chikwatiwire amayi anali atauzana zakukhosi, wina kudzera mwa mbuzi, wina mwa khanda la masiku khumi. Agogo ndiwo anayamba kusuntha. Anamasula mtolo uja, natulutsa bulangete langa n'kundiponyera.

"Mwana wabodza chonchi ine sindingamuthe," anatero. "Angandigulitse ndili moyo. Akhale ndi eni ake, azibwera kwathu sukulu ikatsekera. Koma mbuzi yokha ndatenga, chifukwa ndiyo yalankhula zoona pakhomo pano."

Atakwera njinga anachita chinthu chimene amayi amachinenabe mpaka lero. Anachotsa chitenje kumaso, natembenukira kunkhokwe, nati, "Tsalani bwino, bambo a Roza." Ababa anasokonezeka, osadziwa ngati athawe kapena ayankhe. Anangogwada pomwepo pa udzu wachisanu n'kuwomba m'manja mpaka njinga zitakhota.

Sanandimenye. Madzulo anandiitanira ku kanyumba ka mbatatesi, kumene ankapinda mphasa yawo kuti abwerere m'nyumba, nandifunsa funso limodzi lokha: "Kuno kwakuipira chiyani?" Ndikanakonda kamtengo. Ndinawauza za timiyala, za dzina la Mmalawi, za milomo ya aporofesoli. Kuyambira sabata imeneyo, akaweruka kumunda ankakhala nane pakhonde, khala lili m'manja, akundilembera mawu pa thabwa. Chipwitikizi chawo anachiphunzira akunyamula katundu m'sitolo ali wamng'ono, choncho ndinadziwa kunena kuti fulumira, nyamula ndi choka apa ndisanadziwe kupereka moni. Komabe chinandithandiza, ndipo pofika chaka chotsatira mkono wanga unayambanso kukwera. Ntchito ya umthenga yokha ndinachotsedwa. Kwa zaka zambiri ndikabwera ndi uthenga uliwonse, amayi ankatuma mng'ono wanga kuti akafunsenso.

Masiku ano zinthu zinasintha. Ku Domwe tsiku la msika mungaone apongozi atakwera mota, njinga yamoto ya mkamwini, atamugwira m'chiuno zolimba, akumukalipira kuti achepetse liwiro. Amayi anga amaimbira amuna anga foni ine osadziwa, n'kumakambirana za mtengo wa fetereza. Ana a lero alibe mwayi umene ndinali nawo, chifukwa uthenga umafika wokha, wosadulidwa, mawu ake enieni a mwini wake. Agogo anamwalira atadyera limodzi ndi ababa kangapo, ngakhale kuti aliyense ankayang'ana m'mbale mwake.

Ine pamapeto pake ndinachokabe. Nditakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinapeza malo ophunzirira uphunzitsi ku Tete, ndipo panalibe wondiletsa. Ababa anasenza okha sutikesi yanga mpaka pamsewu. Shapa, minibasi ya kuno, itaima, anandigwira mkono, nandiyang'ana m'maso.

"Uthenga uno ndikukuuza ndekha, ndipo ndi wako womwe, palibe kumene ungakaupotoze," anatero. "Ukamaliza, ubwere."

Umenewo ndinaufikitsa monga unalili.